Kompyuta yosadziwa malume isatiweruze

Pali funso limene mwana wa sitandade 3 pa sukulu iliyonse ya kwa Likoswe ku Chiradzulu angayankhe akutafuna nzimbe, koma akatswiri a makompyuta a ku Ulaya ndi ku America analimbana nalo zaka zisanu asanalilowetse m'malamulo a makina awo. Funsolo ndi ili: malume ndi ndani?

Sindikuseka ayi. Mu 2004 bungwe la W3C, limene limakhazikitsa miyezo ya intaneti, linavomereza chilankhulo chotchedwa OWL, choti anthu azilembera makompyuta matanthauzo a zinthu kuti makinawo azitha kulingalira okha. Chilankhulocho chinkatha kunena kuti mayi ndi mkazi amene ali ndi mwana. Koma kunena kuti m'bale wamwamuna wa kholo lako ndi "uncle" wako chinkakanika, chifukwa kutero n'kulumikiza maubale awiri kuti abereke ubale wachitatu. Chitsanzo cha uncle chinasanduka nyimbo m'mapepala a akatswiriwo, mpaka mu 2009 pamene anatulutsa OWL 2 yotha kulumikiza maubale. Kwa iwo mlandu unathera pomwepo. Kwa ine ndi pamene ukuyambira, chifukwa munthu amene anamukonzera malo m'makinamo si malume.

Uncle wawoyo ndi thumba limene amaponyamo anthu anayi osiyana: mchimwene wa bambo, mlongo wa mayi, mwamuna wa azakhali, ndi mwamuna wa mayi aang'ono. Kwa Likoswe thumba limenelo lingang'ambike musanalinyamule. Mchimwene wa bambo ako ndi bambo ako, aakulu kapena aang'ono. Mlongo wa mayi ako ndiye malume, atsibweni, mwinimbumba. Ndi amene amaima pa chinkhoswe chako. Ndi amene amayamba kumva za maliro asanamve a mfumu. Ndi amene amaloza ndi ndodo pamene munda wa mayi ako walekezera. Wosakaniza anthu awiriwa wayambitsa mlandu woti udzatha ndi mbuzi.

Mwina mukuti, ife ochajitsa foni pa golosale, za OWL zikutikhudza pati? Zatigwira pakhosi penipeni. Kuyambira 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembedwa m'kaundula wa unzika, dzina la Mmalawi linasamukira m'kompyuta. Feteleza wotsika mtengo amadzera m'kompyuta. Mtukula Pakhomo amadzera m'kaundula wa UBR. Malo a makolo, malinga ndi lamulo la 2016, tsopano angathe kulembetsedwa. Ndipo kaundula aliyense, asanalandire dzina ngakhale limodzi, pamakhala wina amene wakhala pansi n'kulemba kuti khomo n'chiyani, mutu wa banja ndi ndani, mwini munda ndi ndani. Munthu ameneyo sitinamuvotere. Sitimudziwa nkhope. Sanamwepo madzi a pa mjigo wa kwathu. Koma cholembera chake chili ndi mphamvu kuposa ndodo ya mfumu.

Nthambi ya AI imene imachita ndi matanthauzo oterewa amaitcha description logic, ndipo si yadzulo. Mizu yake ili mu pulogalamu ya KL-ONE imene Ronald Brachman anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Maganizo ake ndi osavuta kumva. Zonse umazigawa patatu: mayina a zinthu zenizeni, magulu amene zinthuzo zimagweramo, ndi maubale a pakati pawo. Ukatero umakhala ndi mabokosi awiri. M'bokosi loyamba, TBox, umaikamo matanthauzo: mayi ndi mkazi wokhala ndi mwana, gogo ndi kholo la kholo. M'bokosi lachiwiri, ABox, umaikamo nkhani za anthu enieni: uje ndi mkazi, uje anabereka uje. Ndiye pali pulogalamu yoweruza, imene amaitcha reasoner. Iyo imatenga mabokosi awiriwo n'kukuuza zimene sunaiuze, monga kuti ujeni ndi gogo, ngakhale palibe analemba choncho. Imathanso kugwira bodza. Ukalemba kuti munthu sangakhale wamoyo ndi womwalira pa nthawi imodzi, kenako kalaliki wina n'kumuika m'magulu onse awiri, iyo imakuwa kuti apa pali kutsutsana.

Popunthwira palipo. Mu 1984 Brachman ndi Hector Levesque anaonetsa kuti ukangochimasula pang'ono chilankhulo kuti chizinena zambiri, ntchito yoweruza imalemera modzidzimutsa. Mu 1989 Manfred Schmidt-Schauß anatsimikiza kuti mu KL-ONE mulibe njira yoti makina azifika pa chigamulo nthawi zonse. Mafunso ena angawaganizire mpaka kalekale. Ndipo chimene chinabweretsa tsokalo ndi maubale olumikizanalumikizana aja, a wakuti wa wakuti wa wakuti. N'chifukwa chake opanga OWL anayamba amupewa malume. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu nzeru imeneyi akuidziwa. Mlandu umene walola aliyense kufukula mibadwo yonse sutha dzuwa lisanalowe. Mfumu yochenjera imadulira zokamba kuti anthu akagone atamva chigamulo. Description logic ndi luso lodulira motero: nena zambiri momwe ungathere, bola mlandu uzitha.

Ndipo zimagwiradi ntchito. SNOMED CT, mndandanda wa mawu a zachipatala wokhala ndi matanthauzo oposa 300,000, unamangidwa pa luso lomweli, ndipo makina amausanja wonse m'masekondi. Kungoti mayi akafika pa chipatala cha Nguludi n'kunena kuti mwana ali ndi malungo, sakutanthauza kuti tizilombo ta udzudzu tapezeka m'magazi. Akunena kutentha thupi, kuphwanya, kufooka. Namwino kusiyana kumeneku amakudziwa. Mndandanda sungakudziwe pokhapokha wina atauuza.

Tengani Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Tanthauzo la khomo loyenera kulandira linalembedwa mwaudongo ngati kuti mlembiyo anaphunzira description logic: khomo losaukitsitsa, lopanda munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64 woti n'kugwira ntchito, kapena limene wamphamvu mmodzi akusenza anthu oposa atatu. Lomveka bwino. Koma lonselo laima ndi mwendo umodzi, ndipo mwendowo ndi funso lakuti kukhala wa pakhomo n'kutani. Mkamwini amene analowera ku Joni zaka zitatu zapitazo, foni yake yosapezeka, ndi wa pakhomo? Mukati inde, mkazi ndi ana asanu atuluka m'kaundula chifukwa cha mphamvu za munthu amene sakumuona ndi maso. Nanga wamitala wogona kuno Lolemba, uko Lachinayi? Nanga mdzukulu amene amagona kwa amake koma nsima amadyera kwa agogo, nyumba zake zoyang'anizana pa bwalo limodzi? Akalembera amati khomo ndi anthu odyera mu mphika umodzi. Kwa Likoswe miphika imayenda. Mbale ya ndiwo imadutsa mipanda itatu isanafike pa mkeka.

Za malo ndiye musakambe. Pa kalembera wa 2018 Chiradzulu inali ndi anthu 356,875, othithikana oposa 450 pa sikweya kilomita iliyonse. Kuno mzere umodzi wa chimanga umadanitsa abale mpaka kumanda. Ndipo kuno, kwa Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja omwe, munda umayenda ndi akazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, malume akuyang'anira. Mwamuna amalima, inde, thukuta ndi lake, koma akasudzulidwa amapinda bulangete lake n'kubwerera kwawo. Tsopano yerekezani kuti kwabwera pulogalamu yolembera malo imene inamangidwa ndi maganizo akuti mutu wa banja ndi bambo, ndipo mwini munda ndi mutu wa banja. Palibe wanama poyankha mafunso. Palibe wadya chiphuphu. Koma makinawo, potsatira matanthauzo awo mokhulupirika, amusandutsa mkamwini kukhala mwini nthaka, n'kulanda mbumba yonse ndi chidindo cha boma. Lamulo la 2016 linayesetsa. Linati komiti ya malo ya kwa gulupu ikhale ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo amayi asachepere atatu. Zikomo. Koma amayi atatuwo adzaonetsedwa bokosi la matanthauzo? Kapena adzangoitanidwa kudzayenda m'malire dzuwa likuswa mtengo, tabuleti ili m'manja mwa mnyamata wochokera ku likulu?

Ine ndinazilawa pa ofesi ina mu mzinda, polemba fomu yofuna wachibale wapafupi. Ndinatchula malume amene anandilipirira fizi kuyambira fomu 1. Kalaliki anayang'ana pa kompyuta nati, "Achimwene, pano pali mkazi, mwana, kholo ndi m'bale. Amalume agwera pa zina." Pa zina! Munthu amene tsiku langa likadzakwana adzalamule kumene ndikaikidwe.

Chondipweteka n'chakuti chidacho chilibe mlandu. Mu OWL 2 malume amalembeka mu mzere umodzi: mlongo wa mayi ako ndi malume ako. Basi. Chichewa chinafupikitsa kale ntchitoyo, chifukwa mawu akuti mlongo amanyamula okha kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi: mlongo wa mkazi ndi mwamuna, mlongo wa mwamuna ndi mkazi. Msuweni nayenso amalembeka: mwana wa malume kapena wa azakhali, kupatula mwana wa mayi aang'ono, amene ndi m'bale wako weniweni woti sungamuchite chisuweni. Mbumba imalembeka. Chikamwini chimalembeka. Amene wasowa ndi Mmalawi woti akhale pansi n'kulemba.

Alipo amene anayamba. Mu 2014 Catherine Chavula, mwana wa dziko lino, pamodzi ndi Maria Keet wa pa yunivesite ya Cape Town, anayesa kuveka Chichewa mindandanda iwiri yotchuka ya pa intaneti, FOAF ndi GoodRelations, pogwiritsa ntchito chida chotchedwa lemon, chimene chinapangidwa kuti matanthauzo otere azimveka m'zilankhulo zambiri. Anapeza kuti chidacho sichinakonzekere magulu a mayina a zilankhulo zathu, aja amatichititsa kunena kuti munthu wabwera, chinthu chabwera, kamwana kabwera. Malayawo anasokedwa poyezera thupi la zilankhulo za ku Ulaya. Papita zaka zoposa khumi chitulukire pepala limenelo. Ndi angati mwa osainira makontirakiti a makompyuta m'maunduna athu amene analiwerenga?

Koma phunziro lalikulu limene description logic ingatipatse lagona pa mawu awiri amene alizitsa amayi ambiri pa mizere ya dziko lino: dzina palibe. Kaundula wamba wa pa kompyuta amayenda ndi mchitidwe umene akatswiri amautcha wa dziko lotseka. Chimene sichinalembedwe, kulibe. Description logic imayenda ndi mchitidwe wa dziko lotseguka. Chimene sichinalembedwe, sichikudziwika. Zikumveka ngati mkangano wa anthu okhuta, mpaka mutakumbukira Marichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri, matope ndi miyala n'kukokolola mudzi wa Ntauchira konkuno kwa Likoswe. Matope otenga nyumba ndi eni ake sasiya chiphaso cha unzika pa msomali, sasiya buku la kuchipatala m'chikwama. Wopulumuka amafika pa msasa ndi chovala cha m'thupi chokha. Kwa makina a dziko lotseka, mayi wopanda chiphaso kulibe. Mwamuna amene mtembo wake sunapezeke sanamwalire, poti palibe kalata ya imfa, ndiye kuti mkazi wake si wamasiye ndipo khomo lake likadali ndi wamphamvu. Makina a dziko lotseguka akafika pamenepo amati: sindikudziwa, kafunseni. Ndipo wofunsidwa alipo. Alipo a nyakwawa, odziwa khomo lililonse ndi amene anagonamo usiku umenewo. Alipo malume.

Ndikudziwa chimene a ku ofesi anene. Ati matumba a chimanga ndi owerengeka, mndandanda uyenera kutsekedwa penapake. N'zoona. Koma autseke munthu, wokhala ndi dzina ndi siginecha, woti tikhoza kumutsatira ndi apilo. Zoti kalaliki azibisala kumbuyo kwa tabuleti n'kumati "makina akana" ziyenera kutha. Makina sakana. Amangobwereza zimene wina anawauza, ndipo winayo ayenera kuonekera.

Apa ndi pamene ndikusemphana ndi chimwemwe chimene chagwira dziko pa ChatGPT ndi abale ake. Sindikunyoza zonse. Pulogalamu ya Ulangizi, imene a Opportunity International anaiyambitsa pa WhatsApp kuti iziyankha alimi m'Chichewa, ili ndi ntchito yake m'dziko limene mlangizi mmodzi amagawanidwa ndi midzi yosawerengeka. Koma makina a mtundu umenewu salingalira ndi matanthauzo. Amalosera mawu otsatira potengera mulu wa zolembedwa zimene anameza, zambiri mwa izo za Chingerezi. Akasowa yankho sachita manyazi, amapeka, ndipo amapeka mokoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuwafunsa za mbozi m'chimanga, chabwino, mlimi akaona yekha ngati zathandiza. Koma tsiku limene wina adzanene kuti makina oterewa azisankha wolandira thandizo kapena wolowa munda, tidzakane ndi miyendo iwiri. Chigamulo cha reasoner ungachilondole phazi ndi phazi: tanthauzo ili, umboni uwu, mathero awa. Ukhoza kuloza mzere ndi chala n'kunena kuti apa mwalakwitsa. Limenelo ndiye bwalo. Winayo ndi woombeza ula, wokuuza amene wakulodza koma osakuonetsa njira imene wadzera.

Musandimve molakwika, sindikuti amalume onse ndi angelo. Tawaonapo akuzula malata, akutenga njinga ndi mbuzi tsiku lometa lisanakwane, ana amasiye akuyang'ana. N'chifukwa chake lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, n'kuletsa kulanda katundu. Mwambo ukuloza uku, lamulo likuloza uko, ndipo timakhala ngati sitikuona mpaka maliro atagwa. Lembani zonse ziwiri m'bokosi la matanthauzo, reasoner ikuonetseni pamene zikugundana, tikangane masana tonse tili moyo. Komanso mwambo si masamu. Kawirikawiri mwamuna amapita chikamwini, koma alipo otengana chitengwa, alipo ogula puloti yawoyawo pafupi ndi msewu. Ufumu umapita kwa mwana wa mlongo, koma kuti ndi uti mwa anawo, amasankha ndi amayi a mbumba atadzitsekera m'nyumba. Makina atchule oyenera, asasankhe. Ndipo za "kawirikawiri" zimenezi zikufufuzidwa pafupi pompa: Thomas Meyer ndi anzake ku South Africa akhala zaka zambiri akuphunzitsa description logic kulola kuti lamulo likhale ndi opatuka popanda kugwa lonse.

Ndiye tikudikira chiyani? Catholic University ili pa Nguludi, m'dera la Likoswe lomweli, ndipo yakhala ikuphunzitsa kuyambira 2006. MUST ku Thyolo inatsegula likulu la AI mu 2023. MUBAS ili pa Blantyre pomwepa, ulendo wa minibasi imodzi kapena awiri. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya UNIMA, eni ake a mtanthauziramawu. Wophunzira mmodzi yekha atenge kope, atuluke pa geti, akakhale pa mphasa ndi ankhoswe, anamkungwi ndi a nyakwawa, alembe TBox ya mbumba. Wina akalembe ya Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, wina ya Asena a ku Nsanje, kumene malowolo amatembenuza zonse, chifukwa kukakamiza chikamwini pa dziko lonse kungakhale kulakwa komweko titangosintha wolakwa. Ntchito imeneyi siifuna makina odula madola. Ikufuna laputopu wamba, mapulogalamu aulere ngati Protégé, ndi kudzichepetsa kokwanira kufunsa agogo kawiri. Tikapanda kulemba ife, adzalemba ena, ndipo tidzagula mbumba yathu yomwe ndi ngongole, itadulidwa miyendo kuti ikwane m'bokosi.

Kwa aphungu ndi akuluakulu a boma pempho langa si lalitali. Pulogalamu iliyonse imene boma kapena bungwe ligule kuti izilemba anthu, matanthauzo ake asindikizidwe m'Chichewa, Chiyao, Chilhomwe, Chitumbuka ndi Chisena, amatidwe pa khoma la bwalo la mfumu, anthu awatsutse asanayambe kugwira ntchito. Iliyonse ikhale ndi yankho lachitatu, lakuti sizikudziwika, pambali pa inde ndi ayi. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 ndi chiyambi chabwino, koma kusunga bwino chinsinsi cha yankho lolakwika sikulikonza yankholo.

Ndipo inu a kwa Likoswe, akadzabweranso ndi matabuleti awo n'kufunsa kuti mutu wa banja pano ndi ndani, apatseni mpando, apatseni madzi akumwa, koma musayankhe msanga. Afunseni kaye kuti m'makina mwawomo malume analembedwa kuti ndi ndani. Akakanika kuyankha, tumani mwana akaitane malumewo.